Penti ya a Lackson

Ku Limbe aliyense ankadziwa kuti a Lackson sagwira botolo osalikhutchumula. Anakalambira m'sitolo ya penti, dzanja n'kuzolowera. Fanta ankaikhutchumula mpaka thovu kumaso, ndipo kutchalitchi akuluampingo anasiya kuwatuma kunyamula vinyo wa mgonero.

Ankati chilichonse ukachisiya phee chimapatukana, chopepuka pamwamba, cholemera pansi. Anthu ankaseka, osadziwa kuti mkuluyo akudandaula za kunyumba kwake ku Chimwankhunda.

Mwana wawo Ireen anakwatiwa ndi Alidi, telala wachisilamu wa ku Bangwe, ndipo alongo ake, Roy ndi Dalton, anyamata a kwaya, analumbira kuti sadzadya mbale imodzi ndi mlamu wawoyo. A Lackson sankafuna kufa ana awo ali chonchi. Ndiye Lamulungu lililonse ankaimba foni kuti BP yakwera. Onse n'kuthamanga, n'kuwapeza akuotcha chimanga.

"Poti mwabwera kale, khalani pansi."

Ankakhaladi. Koma bambo akangopita kuseri, pobwera ankapeza anyamata ali pabalaza, Ireen ndi mwamuna wake pakhonde.

Tsiku lina anaganiza zowaphunzitsa. Anathira penti ya mafuta ndi ya madzi m'ndowa imodzi, n'kuwonjezera sopo waufa, ati sopo ali ndi mwendo umodzi m'mafuta, wina m'madzi. Anatakasa mpaka malaya kunyowa, n'kupaka khoma lakumaso onse akuona.

"Mwaona? Zagwirizana."

"Bambo, dikirani mvula," anatero Roy.

Mvula itagwa khomalo linasupuka ngati galu wa nkhanambo. A Lackson analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mwina sanatakase mokwanira.

Tsiku limene BP inakweradi linali Lamulungu. Anyamata anati ndi chimanga chija, adzapita akaweruka kukwaya. Amene anasiya makina osokera n'kuthamanga anali Alidi, ndipo mkuluyo anatsirizikira pamiyendo pake, m'galimoto ya neba, asanafike kuchipatala. Pamaliro Roy anamukokera pambali mlamu wakeyo n'kumuuza mwaulemu wonse kuti bokosi anyamula ndi akumpingo.

Masiku ano Lamulungu pakhomo paja pamakhala zii, geti lotseka, palibe womunamiza mnzake kuti abwere. Ireen akakumana ndi alongo ake m'minibasi ya ku Limbe amafunsana kuti mwadzuka bwanji, kenako aliyense n'kuyang'ana pawindo lake.