Mmene Ndinakomokera M'bafa Ndili M'chigafa

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuifotokoza pagulu, ati imachotsa ulemu pabanja. Koma poti alamu anga aiyendetsa kale pa Malomo ponse, ndipo akuithira mchere wosayenera, bola muimve kwa mwini wake. Manyazi alipo, sindikana. Chokhacho choti mugwiritse kaye ndi ichi: bafa langa ndi lokongola.

Chiyambi chake ndi mbuzi.

Apongozi anga aakazi, Anaphiri a ku Chezi, atabwera koyamba kudzaona kumene mwana wawo anapita chitengwa, tinawaikira madzi kubafa la udzu lomwe tinali nalo nthawi imeneyo. Ali mkati mosamba, mbuzi ya aneba inaboola udzu, n'kulowetsa mutu, n'kuyamba kumwa madzi m'beseni uku ikuwayang'ana m'maso. Mayiwo sanakuwe. Anavala, n'kutuluka, n'kuuza mwana wawo ine ndikumva:

"Chitengwa ndinavomera. Zoti uzisamba ndi mbuzi sindinavomere."

Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo. Osagona, osasamba, ngakhale madzi akumwa ankangonyowetsa milomo. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina mayi ameneyu adzagona pakhomo panga, n'kudzayamika ndi pakamwa pake.

Chaka chomwe fodya wanga anachita bwino, anzanga anagula njinga zamoto, ena anakasowa ku Lilongwe mpaka matumba atapepuka. Ine ndinamanga bafa. La njerwa zootcha, kuseri kwa nyumba, matailosi oyera mpaka m'khosi, shawa, mpope, thanki pamwamba, toileti yokhalira pambali pake. Chitseko cha mlombwa, loko wake wolowa m'thabwa, osati uja wolendewera ngati wa pakhola la nkhuku. Chimbudzi chakale chokumba ndinachikwirira n'kudzalapo nthochi. Standard!

Uthenga unabwera kuti apongozi afika Loweruka masana, awatenga panjinga yamoto alamu anga a Yohane, achimwene awo a akazi anga. Ndinadzuka m'mamawa n'kugawa ntchito.

"Mayi a Tadala, inu onani za kukhitchini. Kubafa musapondeko."

"Mumadziwa kutsuka inu?"

"Ine? Ingodikirani."

"Chabwino. Koma mankhwala a m'botolowo musachulutse, ndipo windo likhale lotsekula. Kwathu wina anakomoka nawo amenewo."

Ndinangoti eya, n'kulowa m'ntchito.

Pano ndiloleni ndidzitame pang'ono, chifukwa kutsogoloku mpata sindiupezanso. Pansi ndinakwecha ndi phulusa losefa, lija lopanda makala, kuti matailosi asakandike. M'mizere ya pakati pa matailosi ndinadutsamo ndi mswachi wakale, mzere ndi mzere, ngati ndikupalira nazale. Mpope ndinaupaka ndimu mpaka ndinadziona nkhope. Pabowo lotulukira madzi ndinathirapo soda ndi viniga, zinachita thovu ngati mowa wolakwika. Mankhwala a m'botolo aja ndinathira m'toileti mokha, koma ndivomere, dzanja linapitirira pang'ono.

Thukuta litayamba, ndinavula malaya n'kuwakoleka pamwamba pa chitseko, pamene pali kampata kolowera mphepo, pamodzi ndi thaulo. Masilipasi ndinali nditawasiya kale pakhomo kuti ndisalowetse dothi. Ndinatsala ndi kabudula wanga wa kumunda, yemwe kumbuyo kwake kunang'ambika pamalo oti munthu wa mpingo sangatchule.

Nditamaliza, shawa ndinaisiya ikudontha kuti itsuke soda yense wotsala m'paipi. Windo ndinalitseka, poopa fumbi la mwezi wa July. Ndinatuluka chambuyo ndikupukuta mapazi anga omwe, n'kukhoma chitseko kuopa nkhuku, kiyi m'thumba. Ndinati alendo akafika ndidzatsekula ndekha, nditavala jekete. Official opening!

Ndili chiimire pamenepo, phulusa thupi lonse, ndinamva njinga yamoto ikulowa pabwalo. Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu. Anthu a ku Chezi akati masana, afunseni kawiri.

Tsono inu mukudziwa. Mkamwini wolongosoka sakumana ndi apongozi aakazi chifuwa chili pamtunda. Ngakhale utavala suti umapatuka panjira, n'kulankhula utanjuta, maso kumbali. Nanga ine wa kabudula uja? Malaya sindinawakumbukire, masilipasi sindinawaone. Ndinangoti liwiro kutsetsereka, n'kukabisala m'chigafa, chisakasa chathu choyanikamo fodya, kuseri kwa mitolo ya udzu.

Maganizo anga anali oti akalowa m'nyumba ndizembera kuchipinda. Koma akazi anga anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, pakati penipeni pa chigafa ndi khomo la nyumba. Njira inatsekeka. Mphepo ya m'mapiri a Ntchisi inayamba kundifunsa mafunso, koma ndinadzilimbitsa mtima: pomwe ndinalipo bafa linkaoneka bwinobwino. Ndiona ndi maso anga mmene alilandirire.

Mbiri ya bafa inali itawafika kale apongozi, moti tsiku limeneli anamwa thobwa mosaumira. Chikho choyamba chinatha, chachiwiri chinatsatira. Posakhalitsa ndinawaona akunyamuka, akukonza chitenje, akulunjika kuseri kwa nyumba. Mtima wanga unati phaa!

Atafika anaima. Anayang'ana m'mwamba. Anayang'ana pansi. Anatchera khutu, n'kubwerera pamkeka mwakachetechete.

Ine m'chigafa ndinati, "Eya! Ayamba ndi denga, kenako maziko. Inspection yeniyeni!"

Chimene sichinandifike m'mutu n'choti kwathu kuno chovala chikalendewera pabafa, nsapato zili pakhomo, madzi akumveka, ndiye kuti muli munthu. Sufunsa, sugogoda. Umangotsokomola n'kubwerera. Apongozi anaona malaya a mkamwini m'mwamba, masilipasi a mkamwini pansi, ndipo anachita zomwe mayi aliyense waulemu akanachita.

Zomwe ankalankhula ndinazimva pambuyo pake, chifukwa mphepo inkapititsa mawu kumtunda.

"Bambo ali mkati," anatero apongozi.

Akazi anga anayankha, "Akusamba kuti adzakupatseni moni, amayi. Atuluka pompano."

Anadikira. Anasintha kakhalidwe pamkeka. Anapitanso, n'kutsokomola mwamphamvu, n'kubwerera. Ulendo wachitatu anayenda mofulumira, ndipo anazungulira mpaka pomwe panali chimbudzi chakale. Anapezapo nthochi.

Ine ndinati, "Taonani, mpaka akuyendera ndi landscaping yomwe!"

Kenako akazi anga anapita kukagogoda.

"Bambo a Tadala! Tafulumirani, amayi akufuna kuona bafa!"

Zii.

"Bambo a Tadala!"

Madzi okha, tho, tho, tho. Anagwira chitseko, chokhoma, ndipo loko wolendewera kunja palibe, ndiye kuti wakhoma ali mkati. Anawerama, fungo la mankhwala linawalandira. Anayang'ana windo, lotseka.

"Mayo ine! Ndinawauza! Achimwene, thamangani, akomoka!"

Dzina langa lokha ndi lomwe linkandifika m'makutu, ndipo ndinkangogwedeza mutu. Atchuleni, atchuleni ndithu, anamanga ndi iwowo!

Aneba anayamba kufika. Amayi ena anaika manja kumutu, ine ndinati adabwa ndi thanki. Abambo anazungulira nyumbayo akusuzumira pawindo, ine ndinati akuba pulani. Mkulu wina wa kumpingo kwathu anagwira khoma n'kuyamba kupemphera, ndipo apa misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinali ndisanaganizeko zoti bafa lingadalitsidwe. Ndinanjenjemera, theka chifukwa cha mphepo, theka chifukwa cha ulemerero.

Chinandidzutsa ndi nkhwangwa.

Ndinaona alamu anga akuchokera kukhitchini, nkhwangwa paphewa, anthu akuwapatsa njira. Anaima pachitseko changa, n'kulavulira m'manja. Pamenepo ndi pomwe dzanja langa linagunda kiyi m'thumba, ndipo zonse zinandilowa m'mutu nthawi imodzi: malaya, masilipasi, madzi, windo.

Ndinali ndi zinthu ziwiri zoti ndipulumutse, ulemu kapena chitseko. Ndinaganiza mwachangu. Ulemu umabwerera pang'onopang'ono, koma mlombwa masiku ano uupeza kuti?

Ndinatola chiguduli chomangira fodya, n'kudzikulunga m'chiuno, n'kutuluka ndikukuwa:

"Alamu! Alamu! Mlombwa umenewo!"

Tsono taganizani. Munthu amene mukumulira kuti ali m'kati, akutulukira kumunsi, komwenso kuli njira ya kumanda, thupi lonse mbuu ndi phulusa, zinyalala za fodya kumutu, chiguduli m'chiuno. Amayi anabalalika. Wina anakuwa kuti kwatuluka gule tsiku losayenera. Mkulu wa mpingo uja pemphero analimalizira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ameni sitinamumve.

Nkhwangwa inali itatsika kale kamodzi. Chipsera chake chilipo mpaka lero, ndimachipaka vanishi.

Alamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, ndinu amoyo kapena mwangobwerera kudzatenga malaya?"

Akazi anga anandigwira mkono, misozi ili m'masaya.

"Muli moyo?"

"Ndili moyo, mayi."

"Simunakomoke?"

"Ayi, ndinali m'chigafa."

"Nthawi yonseyi?"

"Ndimaonerera."

Anandisiya mkono pang'onopang'ono. "Alendo akapita, mudzalakalaka mukanakomoka."

Apongozi okha ndiwo sanathawe. Sikuti anali olimba mtima kuposa ena, koma thobwa lija silikanawalola kuthamanga. Anaima chapatali, nkhope atalozetsa kuphiri, n'kuuza mwana wawo ndi mawu ofinyika:

"Uwauze bambo kuti ngati kiyi ali naye, nkhani zina tikamba bwino."

Apa ndi pomwe panagona tsoka lenileni. Chiguduli ndinachigwira ndi manja awiri. Kiyi anali m'thumba la kabudula, pansi pa chigudulicho. Ndinayesa ndi dzanja limodzi, kiyi anakodwa mu ulusi. Ndinatumiza dzanja lachiwiri kukathandiza, chiguduli chinati pansi phuu! Ndipo poti munthu sutsekula chitseko utachifulatira, ndinatembenuka, n'kuwerama pa loko, n'kupereka msana wanga wonse kwa anthu a m'mudzi ndi kwa mayi wobereka akazi anga.

Kumbuyo kwanga ndinamva alamu akutsamwa ndi phwete.

Chitseko chinatseguka. Anthu inu, kuwala kwake! Matailosi ali ngwee, mpope ukuphethira, kafungo ka ndimu kakulimbana ndi mankhwala. Ngakhale omwe anathawa anabwerera n'kumasuzumira, ndipo ndinamva wina akuti, "Koma abale, ngati kuhotela!" Ndinatola chiguduli changa n'kunjuta pambali, maso pansi, monga mwa mwambo.

Apongozi sanadikire speech. Anandidutsa ngati mphepo, chitseko n'kutseka.

Tonse tinadikira. Patapita kanthawi tinamva madzi a m'toileti akuti khwaaa, mwamphamvu, mosakayika, ndipo ngakhale ndinali m'chiguduli ndinayang'ana aneba mmodzimmodzi kuti amve bwino. Kenako mpope unalira. Kenako zii wautali, woti munthu akuyang'ana m'makona.

Anatuluka nkhope itamasuka, akupukuta manja kuchitenje. Anaima pafupi ndi mwana wawo, maso kuphiri konkuja.

"Uwauze bambo kuti chikwama changa achilowetse m'nyumba. Ndigona konkuno, ndipo madzulo ndisamba."

Mtima wanga unavina chimtali. Zaka zonse zija!

"Uwauzenso kuti bafa lotere sindinalionepo, ngakhale kwa abusa. M'makona monse ndapitamo ndi chala, osapeza kanthu. Mwana wanga anakwatiwa ndi mwamuna waukhondo."

Ndinaomba m'manja mwaulemu, chiguduli nditachipana ndi zigongono. "Zikomo kwambiri, amayi."

"Koma uwauze kuti mbuzi ija ndaikhululukira."

Akazi anga anadabwa. "Chifukwa chiyani, amayi?"

"Inali ndi ulemu. Inangoonetsa mutu wokha."

Ukafuna kutsukira apongozi bafa, yamba wasoka kabudula.