Chitupa cha Mkazi wa Lazaro

Inu, sunthirani kuno, basiyo sibwera msanga. Ndikuuzeni za mlamu wanga Lazaro, Chitaganya chisanabwere n'komwe.

Lazaro anakwatira mlongo wanga Rahila kwathu ku Benga, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine. Atabereka ana atatu, mwamunayo anapita ku Halale nakapeza ntchito yophikira mzungu wina. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi anatulukira ndi suti, chipewa ndi kalata. Kalatayo inkati kuseri kwa nyumba ya bwana kuli chipinda cha wantchito wapabanja, cha simenti, mpope pakhomo pomwepo. Akabwera ndi mkazi wake mwezi usanathe, chipindacho n'chake. Akachedwa, achipereka kwa wolima maluwa, munthu amene Lazaro ankadana naye ngati chiyani kaya. Choncho Rahila ankafunika chitupa chodutsira malire.

"Zimenezi ndi za tsiku limodzi," anatero Lazaro. "Ine maofesi ndimawadziwa. Ku Halale ndimalowa a masitepe."

Iye ndi Rahila anakwera lole mpaka ku boma. Kalaliki wa zitupa anati choyamba chithunzi. Lazaro anaona kuti mkazi wa munthu wa ku Halale sangajambulidwe ndi duku ngati akupita kukazula chinangwa. Anamuveka chipewa cha nthenga chimene dona wa bwana wake anataya, magalasi akeake, n'kumupaka paudala mpaka m'makutu. Chithunzi chinatuluka patatha masiku anayi. Kalaliki anayang'ana chithunzicho, anayang'ana Rahila amene anali atabwerera m'duku lake, anayang'ananso chithunzi.

"Bambo, mukufuna kutenga uti? Uyu kapena uyu?"

"Ndi mmodzi yemweyo."

"Wa pachithunziyu akuoneka ngati mwini wake wa sitima. Kajambulitseni mayi awa."

Sabata inathera pomwepo.

Atabwera ndi chithunzi cha duku, kalaliki anafunsa kalata ya ukwati. Kunalibe. Ukwati wawo unali wa ankhoswe, za kutchalitchi Lazaro ankangoti chaka chamawa. "Ndiye bwerani ndi nkhoswe," anatero kalaliki.

Tamverani tsono, chifukwa apa mpamene pamandiwawa. Lazaro anafika pakhomo panga, anandipeza ndikusoka ukonde. Anayang'ana ming'alu ya kumapazi kwanga, ananunkhiza mphepo, anafunsa za nyengo, n'kunyamuka. Kwa iye munthu wonunkha usipa sakanaima pafupi ndi suti pamaso pa boma. Anakatenga Fidelis, amene anaphunzirako kumishoni, wa nsapato ndi cholembera pathumba, n'kumuphunzitsa mayankho pamwamba pa lole.

Ku ofesi anawalowetsa mmodzimmodzi. Woyamba anali Rahila.

"Mayi, amuna anu dzina lawo ndani?"

Rahila anayang'ana pansi n'kumakanda simenti ndi chala cha kuphazi. "Ndi bambo a Sara."

"Dzina, mayi."

"Sara uja woyamba."

"Ndikuti dzina lawo lenileni."

"Ine nditchule dzina la amuna anga, pamaso pa anthu? Kwathu sitinaleredwe choncho."

Kalalikiyo mwambowo ankaudziwa bwinobwino, nayenso kunyumba kwake sankatchulidwa dzina. Koma pepala linali ndi mzere, ndipo mzerewo unkafuna dzina. Kunja Lazaro thukuta linali litanyowetsa suti. Anazungulira kuwindo, anakwera pa mwala, n'kuyamba kudziguguda pachifuwa uku akunong'ona dzina lake ngati munthu amene waliiwala. Mesenjala anamutsitsa pomugwira kolala, batani n'kuthothoka.

Kenako analowa Fidelis, atapingasa miyendo kuti nsapato zioneke.

"Inu ndinu nkhoswe?"

"Ndine amene."

"Pomanga ukwatiwu panaperekedwa chiyani?"

Lazaro anali atamuuza kuti nkhuku. Koma Fidelis atayang'ana ofesiyo, mbendera, chithunzi cha mfumu pakhoma, anaona kuti nkhuku siyenera kutchulidwa malo oterowo.

"Ng'ombe zisanu ndi zitatu."

"Ku Benga? Ng'ombe?"

"Zinabwera pabwato."

"Muli ndi zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi chimodzi."

"Sara ali ndi khumi ndi zinayi. Ndiye kuti munamanga ukwati mano a kutsogolo asanamere." Kalaliki anatseka buku. "Mukabweranso ndi bodza, mugona kuseriku."

Kutatsala masiku asanu, ndinangoona munthu akubwera pakhomo panga chipewa chili m'manja.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Ndine alamu lero?"

"Zinalakwika, alamu."

"Nsapato ndilibe."

"Boma silifunsa nsapato."

"Mwadziwa liti?"

Ndinamusiya aime padzuwa mpaka nditamaliza ukonde, kenako ndinavomera. Sindinavomere chifukwa cha iye ayi, ndinkaganizira mlongo wanga.

Ndipo inu, mukanandiona mu ofesi muja! Ine wosadziwa kulemba ndinayankha funso lililonse. Nkhuku inali yaikazi, yamawangamawanga. Nkhoswe ya kuchimuna anali malemu a Pearson, amene anadya chiwindi chonse okha. Ukwati tinamanga chaka chimene mtsinje unakokolola mlatho. Za dzina ndinati: ndilitchula ine, mlongo wanga angogwedeza mutu. Ndinalitchula, anagwedeza, kalaliki analemba pa mzere wake. Lazaro anayamba kuwongola suti. M'maso mwake munkaoneka mpope uja ukutuluka madzi, ndi wolima maluwa akuyang'ana chapatali.

Kalaliki ananyamula chidindo, anachipumira, kenako anaima.

"Patsala mzere umodzi pansi apa. Mayi, inu mukufuna kupita ku Halale?"

"Iyayi."

Chidindo chinakhala m'mwamba.

"Mayi a Sara, simunamve funso," anatero Lazaro.

"Ndamva. Mpunga wanga wacha kudambo, amayi miyendo yawatupa, nyumba ndili nayo ya zipinda zitatu pamudzi pa amayi anga. Ndikakhale m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake? Mukafuna kundiona, njira mukuidziwa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munandifunsa liti? Munafunsa wojambula, munafunsa Fidelis, munafunsa achimwenewa. Amene andifunsa ndi bambo awa okha."

"Koma maulendo onsewa, mayi a Sara, mumangokwera osanena kanthu?"

Rahila anakonza duku lake. "Lole ndinali ndisanakwerepo."

Kalaliki anaika chidindo pansi pang'onopang'ono, n'kuitana wotsatira.

Lazaro anabwerera ku Halale yekha. Chipinda anatenga wolima maluwa, ndipo ndimamva kuti m'mawa uliwonse ankasamba kumaso pampope paja uku akuimba nyimbo. Rahila anakolola mpunga wake, anakhala zaka zambiri, ndipo mwamuna wake ankabwera pa Khirisimasi, wofatsa ngati mlendo.

Nanga mukuganiza kuti mlandu unagwera yani? Abale a Lazaro anakhala pansi, anaunguza, n'kupeza kuti zinthu zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene anatenga ine.