Tsiku Limene Ndinabisa Kadzidzi M'bafa

Mpaka lero amalume ake a mkamwini wanga akabwera kwathu ku Highfield salowa m'nyumba. Amakhala panja pansi pa mtengo wa mapeyala, tiyi amamwera pomwepo, ngakhale mvula ikhale ikuwopseza. Sindiwaimba mlandu. Wolakwa ndine, ndipo ndati ndiulule ndekha nkhaniyi, chifukwa amene akuifotokoza kumashopu athu a ku Machipisa aithira mchere wambiri.

Ine ndinabadwira mu Harare momuno. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito, ine n'kudzagwiranso yanga pa fakitale ina ku Southerton mpaka msana unati basi. Panopa ndimaweta nkhunda kuseri kwa nyumba. Koma ngakhale ubadwire kuno, ukalambire kuno, anzathu achishona amakutchulabe achimwene, ndipo ambiri pansi pa mtima amakhulupirira kuti ife a ku Malawi tili ndi mankhwala oopsa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikusamala kuti ndisawapatse chonena. Ngakhale mphaka wakuda sindinawetepo.

Mwana wanga Tiyamike anaphunzira za zinyama, ndipo ntchito imene anapeza ndi yoti ndikamafotokozera anthu ndimayamba ndakhosomola. Amayenda ndi anzake kugwira mbalame zolusa, akabawi, mphamba, ziwombankhanga, n'kumazitenga magazi pang'ono kuphiko. Akuti m'magazi mwa mbalamezi mumakhala tizilombo tofanana ndi ta malungo, timene timalowa mbalame ikalumidwa ndi udzudzu kapena tintchentche tina toyamwa magazi. Zambiri zimauluka nato bwinobwino, koma ina ikafooka ndi njala, tizilomboto timaigwetsa pansi. (Nditamva koyamba ndinamufunsa ngati akabawi ayambe kugona m'masikito. Sanaseke.) Anandipempha kangapo kuti ndikadzaona mbalame yotere yagwa ndisaiphe, ndimuimbire foni. Ndinavomera mosavuta, poganiza kuti tsiku lina adzagwa ndi kabawi amene amandidyera maunda, ndimuone nkhope.

Ndiye kunabwera nkhani ya Farai, mnyamata wachishona amene ankafuna kukwatira Tiyamike. Loweruka lina azakhali ake, amene iwo amati tete, pamodzi ndi amalume ake, ananena kuti abwera kudzaona pakhomo nkhani zazikulu zisanayambe. Tiyamike anali atatichenjeza kuti kwawo kwa Farai mawu a azakhaliwa ndi omaliza. Akati ayi, ukwati wafera pomwepo. Mwanayo ankamukonda mnyamatayu, ndipo ine ndinali ndi mantha kuti ndingamuwonongere.

M'mawa mwa tsikulo mkazi wanga anapaka polishi pansi mpaka kumaoneka nkhope, nayala tinsalu toluka pamasofa. Tiyamike tinamutumiza kwa mnzake kutsidya kwa msewu kuti akadikire kumeneko kufikira ataitanidwa. Ine ndinapita kukadyetsa nkhunda, koma ndinapeza zonse zili padenga, zikukana kutsika. Nditasuzumira pansi pa khola ndinaona chinthu chitagona chammbali, nkhope yoyera, maso otsinzina theka. Sanali kabawi. Anali kadzidzi, dzuwa litakwera kale, pakhomo pa achimwene, tsiku la alendo.

Mkazi wanga atabwera kudzaona anangobwerera chafutambuyo.

"Bambo a Tiyamike, chotsani chimenecho. Kaya mukachitaya kuti, ine sindinachione."

Kunena zoona, nanenso ndinkafuna kuchiponya m'thumba n'kukachitaya kutali. Koma ndinali nditalonjeza, choncho ndinaimba foni.

"Kadzidzi? Wamoyo?" Tiyamike anafunsa ndi mawu achimwemwe chimene sindinachimve ngakhale tsiku limene ankatiuza za Farai. "Adadi, mumuyang'ane m'kamwa. Mwayera?"

Ndinamukulunga ndi ovololo yanga yakale ya ku fakitale kuopa zikhadabo, n'kumusuzumira m'kamwa. Munali moyera mbee.

"Magazi achepa ameneyo. Mumuike m'katoni, muboole timabowo, mumuike pamdima pozizira. Mumudonthezere madzi a shuga pang'ono pamlomo. Alendo akapita ndidzamutenga magazi."

"Nanga alendowo akamuona?"

"Mungowauza zoona, adadi. Ndi ntchito yanga. Palibe choopsa."

Apa ndi pamene ndinalakwira. Ndinati mumtima, mwana uyu sukulu yamuchotsa nzeru. Zonse ananenazo ndinachita, kupatula chomalizachi. Panja sindikanamusiya, poti mpanda wathu ndi waufupi ndipo mayi a nyumba yoyandikana nafe amayanika zovala maso ali kwathu. Malo amdima ndi ozizira m'nyumba mwathu ndi amodzi okha, bafa, lomwenso ndi chimbudzi. Ndinalowetsa katoni mmenemo n'kutseka chitseko.

Alendo anafika nthawi yake. Farai anatsala m'galimoto kunja kwa geti monga mwa mwambo wawo. Amalume anali bambo wamtali, wa suti yakuda ndi chipewa cha mlaza wakunja chimene anachivula mwaulemu n'kuchiika pabondo. Azakhali anali mayi wamfupi wa magalasi, amene maso awo anayendera ngodya zonse za denga tisanamalize n'kuwomba m'manja komwe. Tinalonjerana bwino. (Ankayankhula Chishona, ine ndikukupatsani m'chathu.) Tiyi anabwera, azakhali anamwa makapu awiri, ine n'kumasangalala kuti alendo amasuka. Sindinaganize kumene makapu awiri amathera.

Posakhalitsa ndinaona akunong'oneza mkazi wanga. Mkazi wanga anaimirira kuti awalondolere, ine n'kudzambatuka.

"Tete, pepani, madzi kulibe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Baba, Harare yonse madzi kulibe. Chidebe mulibe?"

"Chilipo, koma chikudontha. Ndiyambe ndakonza."

"Ndidikira."

Nditalowa m'bafa ndinapeza madzi a shuga aja ayamba kugwira ntchito. Kadzidzi anali atatuluka m'katoni, atakhala pamphepete pa beseni, ndipo pansi ponse anali atapaka laimu wake. Ndinamugwira ndi ovololo ija, kumubwezera, kufunditsa katoni ndi thaulo, kenako n'kugwada kuyamba kukolopa nditavala suti ya kutchalitchi. Mmene ndimamaliza, thukuta lili kamukamu, panali patadutsa nthawi yoti munthu wamkulu sayenera kudikiritsidwa.

Vuto linali lakuti kuchokera kubafa kupita kuchipinda kwathu umadutsa poonekera pabalaza. Ndinanyamula katoni n'kuyenda ngati palibe kanthu.

"Katundu wanji ameneyo, baba? Tikuthandizeni?" anafunsa amalume.

"Mabuku akale basi."

Mabukuwo anafwenthera ngati njoka. Ine ndinakhosomola mwamphamvu kuphimba phokosolo, mpaka mkazi wanga anandifunsa, mano ali okukuta, ngati ndikufuna madzi akumwa.

Azakhali anapita kumene ankafuna, nabwerako nkhope itatsekeka. Ndinaganiza kuti zoipa zatha. Koma atangokhala pang'ono anauza mkazi wanga kuti ali ndi mawu aakazi okhaokha, ndipo zingakhale bwino akakambirane kuchipinda. Mkazi wanga, amene sankadziwa kumene ndasamutsira katundu wanga, anavomera ndi manja awiri.

"Dikirani pang'ono, ndikatsegule mawindo," ndinatero, n'kuwadutsa pakhomo azimayi awiriwo, chinthu chimene bambo anga akanandimenya nacho khofi.

Ndinatulutsa katoni pawindo, ine n'kutulukira khomo la kukhitchini kuti ndikaibise kuseri. Nditangoinyamula, mayi oyandikana nafe aja anali pampanda, shati yonyowa ili m'manja, maso ali pa ine.

"Achimwene, alendo afika bwino? Nanga m'katonimo ndi mphatso?"

Ndinagwira njakata. Kuseri kunali maso, kukhitchini kunali mphika ndi moto. Miyendo inangonditengera khomo lakumaso, ndipo ndinapezeka ndalowanso pabalaza, katoni ili m'manja, amalume ali okha akundiyang'ana.

"Mabuku aja mukuyenda nawobe?"

"Ndimakonda kuwerenga," ndinayankha, n'kukankhira katoni pansi pa tebulo la pakona, limene nsalu yake imafika pansi.

Azimayi atabwerako, Tiyamike anaitanidwa. Analowa atavala chitenje, nagwada, nawomba m'manja mwachishona bwino lomwe, ine mtima n'kunyada. Anakhala pamkeka pafupi ndi amayi ake. Amalume anakonza kukhosi, anawomba m'manja pang'onopang'ono, nayamba mawu amene anadzera.

"Baba, ife taona duwa pakhomo panu. Tabwera kudzapempha ubale. Kodi pakhomo pano mutilandira?"

Ndisanatsegule pakamwa, nsalu ya patebulo ija inagwedezeka. Kadzidzi anatuluka wapansi, zikhadabo zikulira papolishi, nadzaima pakati penipeni pa balaza. Anatambasula mapiko, anaweramitsa mutu, n'kuyamba kuupukusa uku ndi uku pamaso pa amalume. Tiyamike anandiuza pambuyo pake kuti akadzidzi a mtundu umenewu amatero akachita mantha. Koma aliyense amene anali m'chipindamo anaona chinthu chimodzi: funso lafunsidwa, ndipo kadzidzi wa achimwene watuluka kudzakana.

Amalume ananena liwu limodzi lokha, "Zizi," lomwe ndi dzina la mbalameyi kwawoko. Sanathamange, ndisawanamizire. Anangoponda pasofa, kudumpha katebulo ka tiyi, n'kupezeka ali panja. Chipewa chinatsala pansi.

Ndinayang'ana Tiyamike, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo. Ndinadziwa kuti ndaphera mwana wanga ukwati ndi manja angawa, ndiponso kuti zimene ndakhala ndikuzithawa moyo wanga wonse zandipeza pabalaza panga.

Azakhali sanasunthe. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya mpango, nawavalanso.

"Ndiye mabuku aja ndi amenewa?"

Tiyamike anadzuka, anaponya thaulo pa kadzidzi, namunyamula mwaluso miyendo ili m'dzanja limodzi. Kenako anafotokoza zonse: ntchito yake, tizilombo ta m'magazi, foni ya m'mawa ija, ndi kuti iye anandiuza kuti ndinene zoona. (Mbali yomalizayi akanatha kuisiya, koma ana a masiku ano sabisira makolo awo.)

"Tizilomboto mumationera pakagalasi?" anafunsa azakhali. "Timakhala m'kati mwa magazi ngati ta malungo a anthu?"

Tiyamike anavomera, akudabwa.

"Katenge zida zako. Ndikufuna ndione dzanja lako."

Kunapezeka kuti mayiwa, asanapume pa ntchito, moyo wawo wonse ankayeza magazi a odwala malungo pa chipatala china chakumudzi. Patebulo langa lodyera, pamene timayenera kudyera nkhuku ya alendo, azakhali anagwira kadzidzi miyendo, Tiyamike n'kutambasula phiko, kubaya kajakisoni n'kudonthezera magazi pakagalasi.

"Wakhuthalitsa, mwanangu. Chonchi sudzaona kanthu. Bweretsa." Anatenga kagalasi kena n'kutsetsereketsa kamodzi kokha. "Waona? Dzanja lisamanjenjemere, ngakhale apongozi akuyang'ana."

Nditamva mawu akuti apongozi, ndinangokhala pansi. Azakhali anasamba m'manja ndi madzi a m'chidebe chija chosadontha, kenako anatembenukira kwa ine.

"Baba, ndikuuzeni zimene zinali mumtima mwanga. Mutanditsekereza kuchimbudzi ndinati nyumba ino ndi yauve, akubisa. Mutatidutsa pakhomo kuthamangira kuchipinda ndinati bambo uyu ali ndi chinsinsi choipa. Mmene mwana wanuyu amalowa, ine ndinali nditatsimikiza kale zokamuuza Farai kuti ayang'ane kwina. Mbalameyi ikanapanda kutuluka, bwenzi titatsanzikana bwinobwino, osadzationanso."

Ndinangowomba m'manja, mutu uli pansi.

"Mbalame yodwala ine sindiiopa," anapitiriza. "Ndimaopa munthu wondinamiza ndikumwa tiyi wake."

Ukwati unachitika, ndipo Tiyamike ali pabanja pake mosangalala. Farai atamva zonse anaseka mpaka kugwira galimoto, poti wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Kadzidzi uja anapezekadi ndi tizilombo tambiri m'magazi. Anzake a Tiyamike anamusamalira mpaka anachira, n'kukamuulutsa kutchire kunja kwa mzinda, kupitirira Caledonia. Azakhali amabwera kudzacheza, ndipo akangofika pageti amafunsa ngati kuchimbudzi kuli bwino kapena ndiyambe ndasamutsa mabuku.

Phunziro ndinalimva: ndikananena zoona m'mawa muja, bwenzi nditasunga ulemu wanga ndi mawondo a suti yanga. Koma ndiulule chinanso. Amalume aja anafotokoza nkhaniyi ku Machipisa, mayi a pampanda aja anawonjezera zawo, ndipo tsopano msewu wonse ukudziwa kuti kwa achimwene kuli kadzidzi amene amayankha mafunso. Kuyambira pamenepo palibe wandiberapo nkhunda ngakhale imodzi, pamene kale mwezi sunkatha. Ndimagona geti losakhoma. Mkazi wanga amati ndiwauze anthu zoona, ine ndimati ndiwauza, ndikungodikira tsiku labwino.

Chipewa cha amalume chikadali pamsomali pabalaza, ndimachipukuta fumbi Loweruka lililonse. Ndawauza kangapo kuti alowe adzatenge.