Netiweki ya Bambo a Zione

Anzanga, zimene ndinalota usiku wathawu musandiseke nazo, ngakhale ndikuona mano ayamba kale kutuluka. Ndinalota ndili pachulu chija cha kuseri kwa shedi yanga yokonzera njinga, pamene ndimakwera madzulo kukasaka netiweki. Ndinkaflasha Zione, mwana wanga uja ali ku Joni. Mwambo wake mukuudziwa: wa kumudzi amaflasha, wa kutauni amaimba. Ine ndakhala ndikuflasha chiyambire dzinja latha lija, foni ili zii.

Ndiye chulu chinatsokomola.

"Bambo a Zione," chinatero, "msana wanga watopa nanu. Netiweki ya eni ake ikukuzunzani. Bwanji osangokhala kampani nokha?"

Ndiye ndinapezeka ndikuimika nsanja ya mtengo wa bulugamu, pamwamba pake limu ya njinga kuti ikhale dishi, masipoko onse ataloza kummwera. M'bokosi la masipanala ndinapezamo rauta, kabokosi kogawa intaneti kaja, timaso tobiriwira tikuphethira. Inandiuza mosapsatira kuti popanda chilolezo siigwira ntchito, iyo si mbava.

Mwadzidzidzi ndili mu ofesi yaitali ngati chigafa cha fodya, pamaso pa bwana wa tayi.

"Intaneti yanuyo muzikaitunga kuti?" anafunsa.

"Kunyanja ya mchere, bwana. Ndikoka waya."

Akugwedeza mutu, khungu lake linayamba kusintha mitundu, tayi n'kukhala lilime. Anasanduka bilimankhwe, diso lina pa ine, lina pa wotchi ya nkhomaliro. Dzanja la chidindo linkapita kutsogolo n'kubwerera, kutsogolo n'kubwerera, mpaka ndevu zanga zinafika pachifuwa. Mlembi wake, amene tsopano anali nkhanga, anatopa nazo n'kujompha pepala langa. "Pitani, mwadindidwa."

Ndiye ndinamanga waya kukaliyala n'kupalasa. Minda ya mtedza mbuu kumbuyo, Mozambiki yense ndinamudutsa osamwa ndi madzi omwe. Kunyanjako nsomba ina yovala magalasi inalandira waya, n'kunena kuti ikapatsira anzake kutsidya. Nditabwerera ndinapopa intaneti ndi pampu ya njinga mpaka rauta inati, "Basi, bambo, ndiphulika."

Netiweki inasefukira mudzi wonse, ngakhale m'chimbudzi timizere tinali todzaza. Mauthenga ankatera pawaya ngati anamzeze, uliwonse n'kuulukira kwa mwini wake. Mai Nangozo oyandikana nane ankaseka ndi mdzukulu wawo wa ku Kepi mpaka duku kugwa. Mbuzi yawo nayo inali pafoni ndi mlamu wake wa ku Lilongwe. Ine mwini kampani ndinaima pansi pa nsanja pampu ili m'manja, aliyense wawerama pa foni yake, wondipatsa moni panalibe. Ndinasungulumwa, anzanga. Ngakhale pamaliro a amake Zione sindinasungulumwe chonchi, chifukwa pajapo anthu ankandiyang'ana kumaso.

Ndiye ndinaflasha Zione. Ndinakuona kuflasha kwanga kukunyamuka, kampheta kofiirira, kulowera kummwera. Ndinadikira mpaka mthunzi wa nsanja unazungulira.

"Mwina waya wadukira panjira," ndinatero.

"Waya ali bwinobwino," inayankha rauta.

"Ndiye kwawoko magetsi azima."

"Akuyaka. Foni yalira ili m'manja mwake. Wayang'ana dzina, waitembenuza patebulo, akupitiriza kusita."

"Iwe, ndakutola m'masipanala ndine. Tangonena kuti ndi netiweki."

"Netiweki ndinu, bambo a Zione. Munamizira yani tsopano?"

Mtima unandiwawa. Ndinatola sipanala kuti ndigwetse nsanja yonse, mudzi ubwerere pachulu, tizikweza manja m'mwamba limodzi ngati kale, aliyense osadziwa ngati waiwalika kapena ndi mitambo chabe. Ndikumasula nati yoyamba, mwadzidzidzi foni yanga inalira. Ngirii, ngirii. Manja ali girisi yekhayekha, foni ikuterereka ngati mlamba, ine ndikuithamangitsa chokwawa, ndikukuwa kuti Zione usadule, abambo ako ndili pompano, sindikufuna kanthu, ungonena kuti mwadzuka bwanji.

Ndinatsegula maso kutayera. Linali belu la njinga. A Lufeyo a kabaza anali pakhomo, tayala lakumbuyo litaphwa.

Ndikumata chigamba pachubu anandifunsa, "Mwana uja amaimbako?"

"Netiweki, achimwene," ndinayankha osadzutsa mutu. "Kwathu kuno netiweki imavuta."