Chitsime Chikumbidwe Pati?

Lolemba
Chitsime cha mudzi chikumbidwa pafupi ndi nyumba yanga, basi! Koma sindichita kulanda. Ku Malawi, komwe tinathawira nkhondo, ndinaona ndi maso angawa: anthu amayamba atsutsana, kenako n'kuvota. Ndaitanitsa reuniyawu, msonkhano wa mudzi wonse. Zofunika: mpando, miphika iwiri, chimanga chovotera.

Lachiwiri
Anthu adzaza pansi pa mtengo wa mango. Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma. Ndati, "Wotsutsa aimirire!" Palibe waimirira. Nkhondo inawaphunzitsa kuti wotsutsa amasowa. Onse angoti, "Zili bwino." Ayi! Kupambana kotere ndi ndiwo zopanda mchere. Ndaimitsa voti mpaka wotsutsa apezeke.

Lachitatu
Ndikuyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anthu kunditsutsa. A Saidi, asodzi a pa nyanja ya Amaramba, ndawapeza akusoka ukonde. Ndati, "Nenani kuti ndanama." Ayang'ana kumanzere, ayang'ana kumanja. Kachitatu konse ndiye atulutsa kamawu: "Mwanama." Ndawagwira chanza. Ndine mphunzitsi ine!

Lachinayi
Aphunzira mopyola.
A Saidi: chitsime chipite kumunsi, kufupi ndi mzikiti, komwe dothi n'lonyowa.
A Bonifasiyo, amene anali msilikali: kumunsi kumasefukira, ndipo a Saidi amadziwa nsomba, osati dothi.
Awiriwa abale awo ankamenyera mbali zosiyana. Lero akulozana zala, malovu akuuluka, koma palibe wothawira kutchire. Amayi akuseka mpaka kugwirana mapewa!
Kenako waimirira mkazi wanga: "Inu abambo, madzi munatungako liti?" Nthungululu mudzi wonse. Ichi sindinamuphunzitse.

Lachisanu
Voti! Aliyense waponya njere yake ya chimanga mumphika womwe akufuna, wakumunsi kapena wanga. Kenako mkangano: awerenge ndani? Obwerera kuchokera ku Malawi akuti ife, otsala akuti ife. Potembenuka tapeza nkhuku zili m'miphika. Mavoti onse amezedwa! A Bonifasiyo akuti tambala wanenepayo ndi wanga, ndiye ndaba chisankho. Tatsutsananso za tambala.

Loweruka
Tavota ndi miyala. Mphika wakumunsi watsala pang'ono kusweka. Wangawu muli miyala itatu: wanga, wa mlamu wanga, ndi wa munthu wina amene akulumbira kuti anasokoneza miphika. Mkazi wanga wanyamula mwala waukulu ngati dzungu, wandidutsa osaphethira, n'kukauponya mumphika wakumunsi. A Bonifasiyo ankafuna malo awoawo, omwe analibe ndi mphika womwe, agonja nawonso, koma ndi amene abweretsa makasu.

Lamulungu
Titatuluka m'tchalitchi tayamba kukumba, kumunsi komweko. Dothi n'lonyowadi. Ndili m'dzenje mpaka m'chiuno, matuza m'manja, kunyumba n'kutali. Pamwamba panga anthu akukangana za kukula kwa chitsime, aliyense ndi maganizo ake, ndipo akufuna kuvotanso. Ndakuwa kuti zakwana, mikangano ithe, wina atsike andilandire khasu.
Voti yachitika pomwepo. Mudzi wonse wagwirizana kuti ndikukumba bwino, ndipitirize.