Tiyi amene ndinaphikira Esinati

Chaka chatha ndinataya mkazi wanga Esinati. Ndinatayanso tulo, ndi wondiuza kuti kolala yapindika. Ulemu wa munthu wa kukoleji wokha ndinautaya ndekha, poto ali m'manja.

Achipatala atatiuza kuti tizikamusamalira kunyumba, tinapita naye kwa amayi ake ku Nsaru. Kumeneko aliyense anali ndi ntchito: ena kuchapa, ena kumutembenuza, amvano kuimba. Ine mkamwini ndinkangosuntha mpando kutsata mthunzi, kufunafuna choti nanenso ndimuchitire.

Tsiku lina masana Esinati anati akufuna tiyi wa lemonigilasi, udzu wonunkhira mandimu uja. Ndinadzambatuka. Udzuwo ndinkaudziwa bwino (papepala). Kukoleji ndinalembapo za mphamvu za m'masamba ake zoteteza thupi kuti lisawonongeke msanga, ndipo ndinakhoza.

"Khalani, bambo, nditume wina," anatero apongozi, akuyang'ana kumbali mwaulemu.

"Ayi, mayi. Izi ndiye zanga."

M'mphepete mwa munda ndinapeza udzu wautali utandanda mzere wonse. Ndinadabwa kuti anthu angakhale ndi mankhwala ochuluka chonchi osawalabadira. Ndinathyola odzaza manja, kutsuka, kuwiritsa. Fungo silinatuluke. Ndinasonkhezera moto. Silinatulukebe. Madzi anangoda ngati a m'chithaphwi, ine ndili kalikiliki kufotokozera azimayi pakhonde za maantiokisidanti (mawuwa ndinawatchula katatu). Iwo ankangoti, "Eti?"

Esinati ndinamudzutsa pang'ono, kapu n'kumugwirira. Anamwa, n'kundiyang'ana. Anamwanso.

Apongozi anaima pakhomo ndi poto uja.

"Kodi bambo, mwathyola pati?"

"Pamzere wa kumunda paja."

"Ameneyotu ndi vetiva. Tinabzala kuti madzi asamakokolole nthaka. Lemonigilasi ali kuseri kwa bafa."

Pakhonde wina analephera kudzigwira n'kuyamba kuseka, anzake n'kumutsatira. Kenako ndinamva bedi likugwedera. Ndinaopa, koma ayi: Esinati ankaseka, kuseka kopanda mawu, misozi ikutsikira m'makutu. Panali patatha milungu ingapo asanaseke.

Lero ndikaona udzu uliwonse ndimayamba ndaufikisa ndi zala n'kununkhiza, ngakhale palibe woti ndimuphikire. Ngati ndiyenera kuchita manyazi kapena kuthokoza, sindinadziwebe.

M'mawa mwa tsiku la tiyi lija Esinati sanayankhulenso, ndipo mkuja wake anatisiya. Choncho mawu ake omaliza kwa ine ndi a masana amenewo. Ndinkafuna kukataya zotsala m'kapu, iye n'kundigwira dzanja.

"Musataye, adokotala. Ndi koyamba mundiphikire."