Penti ya Ngolo pa Galimoto ya Alamu

Anzanga, mwana wanga Esinati atatsala pang'ono kukwatiwa, alamu anga a ku Lusaka analonjeza kuti mkwatibwi adzakwera galimoto yomwe aitanitsa ku Ulaya. Ine pakamwa sipanatseke, ndinalengeza Sinda yense mpaka kwa asewere.

Galimoto inabwera pa lole kudzera ku Katete n'kuitsitsa pakhomo panga, eni ake akubwera m'mbuyo. Nditaiona ndinaizungulira kawiri. Chigalimoto chakalekale, nyali zotuzuka ngati maso a chule, penti yobiriwira yofwifwa. Ndinati alamu awabera basi, ndipo ine asewere adzandiseka mpaka ndidzafe.

Ndiye ndinati ndiwathandize alamuwo. Ndinayamba kuikwecha ndi phulusa ndi mchenga monga tichitira mapoto, penti ija n'kuyamba kuchoka. Nanga ndikanaisiya yamawangamawanga choncho? Ndinatenga penti yabuluu yotsala pa ngolo yanga n'kupaka yonse, burashi yake yomweyo. Poona kuti kumbuyo kulibe cholembedwa, ndinalembako "Zonse ndi Mulungu", paja kwathu kuno chilichonse cha matayala chimafuna mawu.

Alamu atafika anaima chilili, kenako anakhala pa dothi ndi suti yawo. Anandifotokozera mwaulemu woopsa kuti galimotoyo anachita kuilimbirana pa okushoni ndi anthu a mayiko ena, kuti za sitima ndi msonkho wa pa boda zokha zikanagula ng'ombe za mudzi wathu wonse, ndipo chomwe chinaikweza mtengo ndi penti yofwifwayo, ya kufakitale, yosakhudzidwapo chiipangireni.

Mantha anandigwira, koma kunena zoona ndinagoma. Ndinasuzumira mkati, matabwa osalala, mipando yachikopa yonunkhira, kawotchi kakugundabe chiyambire nthawi ya atsamunda. Chinthu chotere kuwoloka nyanja bwinobwino n'kudzafera m'manja mwanga ine?

Ndinafunsa monong'ona ngati mkwatibwi akwerebe.

"Akwera," anatero alamu. "Koma inuyo mukhala kutsogolo, windo lotsegula, aliyense wofunsa mumuuze nokha kuti wapaka ndani."

Anafunsatu, kuyambira a njinga pamsika mpaka abusa pakhomo pa tchalitchi, ine n'kumangoloza pachifuwa, Esinati kumbuyo akuseka mpaka misozi. Chichokere tsikulo, ndikaona chakale cha eni, ngakhale ndowa yobooka, manja ndimaika m'thumba n'kuyamba ndafunsa mtengo.